Nyanja yothawa kawiri pa tsiku

Mayi a kunyumba anafunsa funso limodzi lokha, ali chiweramire pa lichero kusankha mpunga. "Bambo, munabadwira pansi pa phiri, mwakalambira m'tiyi, kusambira kumene munaphunzira pa madziwe a Likhubula n'kwa chule. Boti mukulifuna la chiyani?" Sindinayankhe. Ndinangonyamula wailesi n'kukakhala pakhonde, ngati munthu amene zifukwa ali nazo zambiri koma safuna kuzimwaza.

Chifukwa ndinali nacho chimodzi, chopepuka. Ndagwira ntchito ya umakaniki pa fakitale ya tiyi kuno ku Mulanje zaka 31. Miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika n'kukuta minda yonse mpaka Sapitwa osaoneka, ndinkaima pakhomo la wekishopu kumayang'ana kumene chachokera. Dzina chinatengera phiri la Chiperone la ku Mozambique, koma chinyontho chake chimachokera kutsidya kwa phirilo, kunyanja ya mchere. Madzi a Ruo nawonso akatsika m'phiri amakathira m'Shire pa Chiromo, Shire n'kukathira mu Zambezi, Zambezi n'kukawatula kunyanja komweko. Mvula imachokera uko, mtsinje umapita uko. Ine ndekha ndi amene ndinali ndisanapondeko.

Thanga ndinalilawa kamodzi ku Mangochi, pamene bwana wina wa pa esiteti ananditenga kuti ndikamukonzere ngolo yokokera boti lake. Linali Hobie 16, mabwato awiri owonda olumikizidwa ndi chinsalu chokungika ngati ng'oma, mtundu umene ankapikisana nawo pa mpikisano wa Lake Malawi Sailing Marathon. Nditamaliza kuwotcherera anati kwerani. Munthu amene makutu ake anazolowera phokoso la makina, tsiku limenelo ndinayenda liwiro popanda injini, kumangomva madzi akung'ambika pansi. Nthenda inandigwira pomwepo, n'kubisala m'thupi zaka zoposa makumi awiri.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangogula boti ku Mangochi kapena ku Monkey Bay. Ndinaganizako. Koma mlamu wanga anakwatira ku Quelimane, ali ndi nyumba m'mbali mwa mtsinje, ndipo anati malo osungira boti sindilipira. Kwa wapenshoni, mawu akuti "simulipira" amamveka kuposa belu la ku tchalitchi. Nditapuma ntchito mu 2022 ndinakwera minibasi kukatsikira pa Muloza, kudindsa pasipoti, kuwoloka kulowa Milange, kenako Mocuba, mpaka kufika ku Quelimane dzuwa litalowa, msana utauma ngati thabwa. Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Agogo athu Alomwe anabwera kuchokera mbali yomweyo, ndipo sitima ya pamtunda isanafike ku Beira katundu wa dziko lino ankalowera ku Quelimane, kenako ku Chinde kuyambira 1891. Mu mzindamo ndinamva ngati ndili pa Limbuli: akabaza ali balalabalala, aliyense akuimba belu.

Quelimane sali pagombe penipeni. Ali pa mtsinje wa Bons Sinais, makilomita ngati 25 kuchokera kumene mtsinjewo umakumana ndi nyanja. Dzinalo anaupatsa Vasco da Gama mu 1498. Usiku umene ndinafika, nthawi yokagona, madzi anali atadzaza mpaka kumayandikira mpanda wa mlamu. Ndinagona wokondwa. Nditadzuka m'bandakucha kuti ndikasambe m'maso, madzi kunalibe. Matope okhaokha, akuda bii, onyezimira, nkhanu zikuthamangathamanga, mabwato ali gonegone ngati nkhumba zokhuta. Ndinathamangira kukadzutsa mlamu poganiza kuti kwachitika ngozi. Anaseka mpaka kutsamwa.

Ife a kumtunda madzi othawa timawadziwa, koma a mtundu wina. Chilwa inauma mu 1995, inaumanso mu 2018, anthu n'kumayenda pansi kupita ku Chisi. Kumeneko madzi akapita mumadikira mvula ya zaka. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono malinga ndi nyengo. Koma apa nyanja imathawa kawiri pa tsiku, imabweranso kawiri, ndipo mawa lake imachedwerako ndi mphindi ngati 50 chifukwa imatsata mwezi, osati wotchi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukapita kumdima, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika pafupifupi mamita 4. Ku Beira amati kumapitirira 6. Mwezi ukakhala theka madzi amachita ulesi, sakwera kwambiri komanso satsika kwambiri. Kumeneko okwera kwambiri aja amati madzi amoyo, aulesiwa amati madzi akufa.

Amene anandimasulira zonsezi ndi madala ena opala matabwa a ngalawa, oyandikana ndi mlamu. Chichewa amachiyankhula bwino kuposa ana anga a ku Blantyre, chifukwa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anathawira kuno n'kukhala pa Muloza zaka zingapo, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Atamva kuti ndachokera ku Mulanje anandifunsa za chinanazi ndi za mtengo wa njinga pa Limbuli, kenako anati, "Achimwene, mukufuna boti loyenda m'madzi kapena lokhala kuno?" Ndinayesa akuseka. Sankaseka.

Boti loyamba kuliona linandiba mtima ndisanalikwere n'komwe. La mzungu wina wa ku South Africa amene ankafuna kubwerera kwawo. Loyera mbee, mamita asanu ndi anayi, mlongoti wautali, m'kati muli bedi, sinki ndi mbaula ya gasi. Ndinajambula zithunzi n'kutumizira mayi pa WhatsApp. Anayankha mawu awiri: "Lili bwino." Amene muli pabanja mukudziwa tanthauzo lake.

Pansi pa boti la thanga la mtundu umenewu pamakhala chipsepse cholemera chachitsulo, chimene eni ake amati keel. Ntchito zake n'ziwiri. Chimaletsa boti kugubuduka mphepo ikakankha thanga, komanso chimaliletsa kutsetsereka cham'mbali, kuti lizitha kuyenda mopingasa moyang'anana ndi mphepo. Chikakhala chachitali boti limayenda bwino panyanja yakuya. Cha boti limeneli chinkalowa pansi mita ndi theka ndi kupitirirako. Mwini wake anandiitana nthawi ya madzi odzaza, ndipo sindikuti anachita dala. Madala aja ndi amene anati tibwerere patapita maola asanu ndi limodzi. Tinabwerera. Mwini wake anali atalisuntha kuliyandikiza kumtunda kuti atsitse katundu, madzi n'kumusiya. Boti lonse linali litagona cham'mbali m'matope ngati ng'ombe yothyoka mwendo, mlongoti utaloza ku mitengo ya kokonati, mapoto atakhuthukira mbali imodzi. Madala sananene kanthu. Anangotulutsa fodya.

Usiku umenewo ndi pamene funso lawo linandilowa. M'madera ngati amenewa, boti limatha maola ambiri a moyo wake lili pansi. Mifuleni yokoma kulowamo, ya pakati pa mitengo ya m'matope kumene kuli nsomba ndi mbalame, imauma yonse madzi akaphwa. Michenga ya pakamwa pa mtsinje imasuntha chaka ndi chaka, mapu sangaitsate. Kukhudza pansi si ngozi, ndi ndondomeko ya tsiku. Ndiye munthu pogula sayenera kuyamba ndi kufunsa kuti boti limayandama bwanji. Ayambe ndi kufunsa kuti limakhala bwanji pansi, ndipo madzi akabwerera limadzuka kapena limamwa. Walira mvula walira matope.

Nditabwerera kumudzi ndinatha mabandulo a intaneti osawerengeka kuwerenga za anthu ena okhala m'magombe a matope. Angerezi ali ndi vuto lomweli kum'mawa kwa dziko lawo, ndipo anapeza njira: zipsepse ziwiri zazifupi, china uku china uku, kuti madzi akachoka boti liziima chilili ngati mpando. Lotchuka kwambiri ndi Westerly Centaur, lojambulidwa ndi Laurent Giles, limene linayamba kupangidwa mu 1969. Ndi la mamita pafupifupi 8, limalowa m'madzi osakwana mita imodzi, ndipo anapanga oposa 2,400. Ndinalilota kangapo. Koma kulitenga ku England kulifikitsa ku Quelimane kukanadya penshoni yanga ndi ya anzanga awiri. Njira ina ndi ya mabwato awiri olumikizana, monga amene ankajambula James Wharram, oti munthu akhoza kukhoma yekha ndi mapulayiwudi. Amenewo amayandama ngakhale m'madzi ofika m'mawondo. Ndinaganiza zomanga langa kuseri kwa nyumba kuno, koma mayi anandikumbutsa za khola la nkhuku limene ndinayamba mu 2015.

Njira yachitatu ndi ya thabwa lokweza ndi kutsitsa. Pakati pa boti pamakhala kabokosi kopyapyala, m'katimo muli chitsulo chathyathyathya chozungulira pa bawuti. Pakuya mumachitsitsa, boti n'kugwira madzi. Posaya mumachikoka ndi chingwe, chimalowa m'mimba mwa boti, pansi n'kukhala see. Kwa makaniki chinthu chotere n'chokoma m'maso, komanso n'chokayikitsa, poti chilichonse choyenda chimatha, ndipo matope ndi timiyala zikalowa m'kabokosiko chitsulo chimakanirira.

Ulendo wachiwiri ndinatsala pang'ono kugula ngalawa ya matabwa ya asodzi, ya thanga limodzi la makona atatu. Mtengo wake unali wabwino, penti yatsopano yobiriwira ndi yofiira. Ngalawa zimenezi n'zimene zimadziwa madzi amenewa kuyambira makolo, pansi pake n'potambalala, zimakhala pamchenga popanda vuto. Madala anaizungulira kamodzi, anatulutsa kampeni, n'kubaya thabwa la pansi pafupi ndi msana. Mpeni unalowa ngati mu papaya wakupsa. Atatema kachidutswa, m'kati munali timabowo tosalala ngati zisa za njuchi. M'madzi a mchere ofunda muli nyongolotsi zoboola matabwa. Zimalowa zili zazing'ono kwambiri, pakhomo osaoneka, n'kumadya cham'kati. Chikomekome cha mkuyu. Asodzi amathana nazo chifukwa amakhala pomwepo, amakokera ngalawa kumtunda, kuiwamba, kuipaka. Ine wokhala ku Mulanje, wobwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndikanangozisungira chakudya.

Kenako kunabwera Freddy. Pa 11 March 2023 namondweyo anatera pafupi ndi Quelimane, ndipo masiku otsatira anafika kwathu. Za zimene zinachitika ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe sindilemba pano. Aliyense wa kuno ali ndi maliro ake. Kwa ife inagwa khitchini ndi mbali ya mpanda, ndipo mlamu anakhala masiku osapezeka pa foni. Za boti ndinasiya kuzitchula. Ukaona madzi atanyamula miyala yaikulu ngati nyumba kuitsitsa m'phiri, sungakhale pa maliro n'kumalankhula za thanga. Mu November chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene ndinkasunga zinafota ngati masamba a tiyi pa nsanja. Ndinati basi, Mulungu wayankha mayi.

Mlamu ndi amene anaimba foni chaka chotsatira. Panali boti laling'ono la faiba, mamita asanu ndi limodzi ndi theka, la thabwa lokweza lija. Namondwe analikankhira m'mitengo, mlongoti unapindika, ndipo mwini wake, mkulu wina wodwala miyendo, analibenso mphamvu zolikonza. Linali litakhala chaka chathunthu kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira m'kati.

Apa ndiye umakaniki unandithandiza. Ndinatha masiku awiri pansi pa botilo. Ndinagogoda thupi lonse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, chikhatho ndi chikhatho. Faiba yabwino imalira ngati mbale yadothi yopsa bwino, yovunda imangoti phu. Ndinapeza matuza angapo pansi, ndipo nditaboola limodzi munatuluka timadzi tonunkha ngati viniga, chizindikiro chakuti madzi analowa m'kati mwa faiba. Anali ochepa, osazama, oti kupala ndi kumata. Bawuti ya thabwa lija inali itadyeka theka, waya wokokera utathothoka tinsinga ngati ndevu. Mawaya ogwira mlongoti nawonso ndinawapitsa kansalu, ndipo paliponse pamene kansaluko kanakodwa ndinadziwa kuti wayayo watha. Thanga ndinalikanda ulusi ndi chikhadabo. Lalikulu linapirira, laling'ono la kutsogolo linang'ambika ngati nyuzipepala, dzuwa linali litalidya kale. Chiwongolero chinali cha mtundu wodzikweza chokha chikagunda pansi, ndipo chimenecho chinandisangalatsa kuposa bedi ndi sinki za mzungu uja. M'katimo munthu sangaime. Mumalowa chokwawa, mogona anthu awiri osanenepa.

Madala anayang'ana zina zimene ine sindikanaganiza. Anafunsa za nangula. Analipo, koma wa chingwe chokhachokha. Anati ndigule unyolo wa mamita angapo, chifukwa kulemera kwa unyolo n'kumene kumagoneka nangula kuti alume pansi, ndipo kuno madzi amatembenuka kanayi pa tsiku, boti n'kumazungulira nawo. Anatinso chingwe ndizitaya poyeza madzi odzaza, osati amene ndawapeza. Ukataya chokwanira mita imodzi n'kugona, pakati pa usiku madzi afika mamita anayi, boti lanyamula nangula wake, ukudzuka uli kwina. Injini anati ikhale yaing'ono yopachika kumbuyo, yoti ndikhoza kuinyamula paphewa. Ndipo nsungwi yaitali yokankhira, ngati ya asodzi a ku Chilwa, isachoke m'botimo.

Tinakambirana mtengo masiku atatu, pa metikali, mlamu akumasulira. Ndinalipira ndalama yosafika theka la imene ndinakonzera boti loyera lija. Yotsalayo inathera kumene sindinkayembekeza: mawaya, penti ya pansi yoletsa nkhono kumera, majekete opulumutsira moyo anayi, kuwongola mlongoti, ndi mapepala. Za mapepala ndingonena kuti ofesi ina inandituma ku ofesi ina, imene inandibwezera ku yoyamba ija, ndipo munthu wa chidindo anali ku maliro maulendo awiri. Pomaliza tinalembetsa m'dzina la mlamu. Mayi atamva anati, "Ndiye mwagulira achimwene anga boti." Mpaka lero nkhaniyi sinathe.

Kuyendetsa anandiphunzitsa madala ndi mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka ngati 17 amene amanditcha agogo koma akagwira chiwongolero amandikalipira ngati kapitawo wa m'munda. Lamulo lawo loyamba: malo osawadziwa uzilowa madzi akukwera, kuti ukakhudza pansi akunyamule okha. Lachiwiri: pakamwa pa mtsinje usayandikire pamene madzi akutuluka mphepo ikulowa, chifukwa ziwirizo zikagundana pa mchenga mafunde amaima chilili. Ine ndinawonjezapo masamu amene ndinawerenga. Madzi satsika mofanana. Mukagawa kutsika konse m'magawo 12, ola loyamba limachotsa gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Pa tsiku la mamita anayi, ndiye kuti pakatipo madzi amatsika mita yathunthu pa ola limodzi. Ndinawafotokozera madala monyadira. Anati iwo amangoona mizu ya mitengo.

Mwezi wa August ndinakwanitsa kuwanyengerera mayi kuti apite. Anavala jekete pamwamba pa chitenje, anakhala pakati penipeni atagwira chikwama ndi manja awiri, ndipo ola loyamba sanayang'ane madzi. Tinali atatu ndi mnyamata uja. Mphepo inali ya kum'mwera chakum'mawa, yomwe ija imatibweretsera chiperoni, koma kuno inali youma ndi yofunda. Boti linapendekeka pang'ono n'kuyamba kuyenda. Ndinawaona akumasula dzanja limodzi pa chikwama. Tinalowa mfuleni wina wopapatiza, akakowa atandanda m'mitengo, ana a m'bwato lina akutikweza manja. Mayi anatulutsa mbatata yootcha ndi tiyi wa m'fulasiki, wa kwathu.

Kulakwa kunali kwanga. Mnyamata anati tibwerere, ine ndinati tione kaye kuseri kwa khona ilo. Potembenuka madzi anali atayamba kale kutsika. Thabwa linagunda, ndinalikweza. Patapita mphindi zochepa chiwongolero chinadzikweza. Kenako mimba ya boti inakhudza pansi mofewa, ngati munthu akukhala pa matiresi. Tinakankha ndi nsungwi, nsungwi inangomira. Mnyamata analumphira m'madzi kuti akankhe, anatitimira mpaka m'ntchafu. Pasanathe theka la ola tinali pakati pa munda wa matope, madzi akuoneka patali ngati kanjira.

Boti linakhala chilili. Silinapendekeke ngakhale pang'ono, tiyi m'kapu ali phee. Ndinafuna kuwauza mayi kuti mwaona, ichi n'chimene ndinagulira limeneli osati loyera lija, koma nkhope yawo inandiuza kuti si nthawi yake. Mnyamata anawerenga pa zala n'kunena kuti madzi atinyamula cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo tithokoze kuti mwezi ukuyandikira kukhala wathunthu, madzi akukwererakwerera tsiku ndi tsiku. Tikanakakamira pamwamba pa madzi amoyo mwezi ukuchepa, boti likanadikira pomwepo pafupifupi masabata awiri.

Dzuwa litapendeka udzudzu unatulukira. Wa ku Nsanje ndi ana. Tinalowa m'kachipinda kaja atatu, titatseka pakhomo ndi chitenje. Kunja matope ankalira, timabowo ta nkhanu tikuphulika ngati phala likuwira. Mayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kumufunsa mnyamata za sukulu, za amayi ake, ngati ali ndi chibwenzi. Anamupatsa mbatata yomaliza, ine osandigawira.

Mdima utagwira ndinatuluka ndi tochi. Madzi ankabwera opanda phokoso, kalilime kopyapyala kodzaza kaye mapazi a mnyamata aja, limodzilimodzi, kenako kuzungulira boti. Panamveka kugogoda pansi, boti linagwedezeka kamodzi, n'kutembenuza mphuno lokha kuloza kumene madzi akuchokera.

"Bambo," anatero mayi ali m'kati, "tayandama?"

Ndinati eya.

"Ndiye lizani injiniyo. Za thanga mawa."